Mphindi 15 pa chipilala cha maina oposa 24,000

Sabata yathayi yandisiya ndi mkwiyo womwe sukuphwa, ndiye ndati ndilembe kuti anzanga a ntchito yoperekeza alendo mumve zomwe zikutichitikira kuno ku Portsmouth, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ku England. Ino ndi nyengo ya sitima zikuluzikulu za alendo zomwe zimakocheza ku Southampton. Kampani yathu imawatenga anthu padoko m'mawa, kuwayendetsa tsiku lonse, n'kuwabweza madzulo, ndipo mukudziwa nokha kuti sitima zimenezi sizidikira munthu.

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo. HMS Victory, sitima yomwe Nelson, mkulu wa asilikali a pamadzi a Britain, anaferamo pa nkhondo ya ku Trafalgar pa 21 Okutobala 1805, ikukonzedwa, moti yazunguliridwa ndi zitsulo ndipo milongoti yake anaitsitsa. Alendo amadandaula kuti sikufanana ndi chithunzi cha pa kabuku ka kampani. Ndimawauza kuti sitima ya matabwa yomwe inalowa m'madzi mu 1765 singapitirire kukhalapo popanda amisiri kuigwira, ndipo ambiri amamvetsa. Tikafika pa Mary Rose, yomwe inamira mu 1545 n'kudzavuulidwa mu 1982, madandaulo onse amatha. Pamenepo ntchito imakoma.

Lachitatu ndinapatsidwa anthu 48, ine ndekha. Chaka chatha gulu lotere tinkaliyendetsa awiri, koma abwana anati ndalama zavuta. Ndondomeko yake ndi yomwe ija: m'mawa wonse padoko la sitima zakale, kenako mphindi 15 pa Portsmouth Naval Memorial, chipilala chokumbukira amalinyero ofera kunkhondo, ku Southsea Common, kenako theka la ola ku Old Portsmouth, pomaliza ola lathunthu m'mashopu a ku Gunwharf Quays. Pa pepala lomwe ofesi inandipatsa panalembedwa kuti mlendo mmodzi ndi wa wilitcheya, basi.

Tikutuluka padoko masana, agogo a wilitcheyawo anandikodola. Anali a zaka za m'ma 80, ochokera ku Canada, ali ndi mwana wawo wamkazi.

"Mwana wanga, pa chipilala paja tikhalapo nthawi yotalika bwanji? Dzina la bambo anga mwalipeza kale?"

Ndinafunsa kuti, "Amayi, bambo anu anali pa sitima iti?"

Anati HMS Hood. Mwana wawo anandionetsa pafoni kalata yomwe analembera ofesi yathu polipira ulendowu, yofotokoza zonse, pamodzi ndi yankho la ofesi lakuti woperekeza wawo adziwitsidwa. Palibe yemwe anandiuza kanthu.

Kwa amene simugwira ntchito kuno, Hood inali sitima yomwe dziko la Britain linkainyadira kwambiri. Pa 24 Meyi 1941 inakumana ndi sitima za Germany, Bismarck ndi Prinz Eugen, pakati pa Iceland ndi Greenland. Chipolopolo chinafika mosungira zida, sitimayo inaphulika n'kumira m'mphindi zochepa chabe. Mwa anthu 1,418 omwe analimo anapulumuka atatu okha. Agogowa pamenepo anali khanda. Bambo awo alibe manda kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo chipilala cha ku Southsea chinamangidwira anthu otere, amalinyero omwe nyanja sinawabweze. Anachitsegula mu 1924 pokumbukira a nkhondo yoyamba yapadziko lonse pafupifupi 10,000, ndipo mu 1953 anawonjezera makoma ena a anthu pafupifupi 15,000 a nkhondo yachiwiri. China chofanana nacho chili ku Chatham, china ku Plymouth. Ambiri mwa anthu a pa Hood analembedwa pa cha ku Portsmouth.

Vuto ndi lakuti maina pamenepo sanangowandandalika kuyambira A mpaka Z. Anawagawa potsata chaka chomwe munthu anafa, kenako udindo wake, ndiye pomwe pamabwera mndandanda wa zilembo. Munthu wosadziwa nambala ya gawo la khoma akhoza kuzungulira masana onse osalipeza dzina. N'chifukwa chake tikauzidwa nthawi ilipo timafufuziratu m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda ndi zipilala za ofera kunkhondo, n'kukafika tikudziwa poti tikaime. Tsiku limenelo ndinachita kufufuza pafoni basi ikuyenda, dzanja lina litagwira maikolofoni, ndikufotokozera anthu enawo za Southsea Castle, pomwe Mfumu Henry VIII inali pamene Mary Rose inkamira. Nambala ndinaipeza tisanaime.

Titaima, chonyamulira wilitcheya cha basi chinakana kutsika. M'mawa chinali chitagwira movutikira, koma apa chinangouma. Adalaivala anayesa batani, anayesa chapamanja, sizinatheke. Anandiuza ali ndi manyazi kuti vutoli analilemba kale m'buku la zowonongeka ndipo palibe chomwe chinachitika. Malamulo a kampani salola ife kunyamula mlendo. Ndinaimba ku ofesi, ndipo yankho lomwe ndinalandira ndilo landikhala pamtima mpaka lero: agogowo aonere pawindo, ine ndikajambule dzinalo ndiwabweretsere chithunzi, gulu lisachedwe. Munthu wawoloka nyanja ya Atlantic pa msinkhu umenewo kudzaona dzina la bambo ake, n'kumuuza kuti aonere pawindo!

Ndinatenga maikolofoni n'kuwauza alendo onse zoona zake, kuti tili ndi mayi omwe bambo awo anafera pa Hood, kuti makina afa, ndiponso kuti tikawadikira nthawi ya kumashopu ichepa. Sindinamalize n'komwe pamene abambo awiri anaimirira. Mmodzi anati anagwirapo ntchito yozimitsa moto ndipo amadziwa kanyamulidwe ka munthu. Agogowo anavomera, mwana wawonso anavomera. Anawatsitsa pamasitepe mosamala ngati anyamula dengu la mazira, adalaivala atatsogola ndi wilitcheya.

Mphepo yochokera kunyanja ya Solent inali yamphamvu, monga imachitira pamalo aja. Tinafika pa gawo lomwe ndinapeza, ndinayamba kuwerenga kuchokera pamwamba ndi chala, ndipo dzinalo linali pomwepo, lalifupi, dzina la makolo ndi zilembo ziwiri zoyambira maina ake. Linali pamwamba pang'ono kwa munthu wokhala pansi. Agogowo anapempha kuti tiwaimike. Mwana wawo anawagwira mbali ina, abambo aja mbali inayo, ndipo anatambasula mkono mpaka analikhudza. Anayankhula ndi bambo awo nthawi yaitali. Ine ndinasuntha kukaima kutali, chifukwa mawu amenewo sanali oti ndimve. Alendo ena anamwazikana m'makomamo akuwerenga maina, ndipo amayi ena anandifunsa chifukwa chake pa anthu ena panalembedwa udindo wa mnyamata. Ndinawafotokozera za HMS Royal Oak yomwe inamizidwa ku Scapa Flow pa 14 Okutobala 1939, momwe munafera anthu oposa 800, ndipo oposa 100 mwa iwo anali ana osakwana zaka 18. Tinakhalapo pafupifupi ola.

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi belu. Sitima ya Hood inapezeka pansi pa nyanja mu 2001, ndipo mu 2015 anavuulamo belu lake. Kuyambira 2016 belulo limasungidwa ku National Museum of the Royal Navy, mkati mwa doko lomwelo momwe tinathera m'mawa wonse. Agogowa anadutsa pafupi nalo osadziwa, ine ndikuwaonetsa mizinga ya pa HMS Warrior. Akanandiuza a ku ofesi, ndikanayambira pomwepo. Nditamuuza mwana wawo, anafunsa ngati tingabwerere. Old Portsmouth tinangodutsa pa basi, ndikuloza Square Tower ndi Royal Garrison Church yomwe denga lake linapsa ndi mabomba mu Januwale 1941 ndipo mbali ina ilibe denga mpaka pano. Ku Gunwharf kunatsala mphindi 20 zokha, ndipo kuwatsitsanso, kuwakankha mpaka kudoko la sitima zakale lija n'kubwerera kukanatichedwetsa kusitima. Tikanakhala operekeza awiri, wina akanatsala nawo n'kuwapititsa ku Southampton pa takisi. Anabwerera kwawo osaliona.

Lachinayi ndinali ndi kagulu kochepa ka anthu a ku South Africa. Ndinawafotokozera za SS Mendi, yomwe inagundidwa ndi sitima ya Darro m'nkhungu pafupi ndi Isle of Wight pa 21 Febuluwale 1917, n'kupha anthu oposa 600, ambiri mwa iwo akuda omwe ankapita ku France kukagwira ntchito ya nkhondo. Maina awo ali pa Hollybrook Memorial ku Southampton, ndipo ena anaikidwa m'manda a ku Milton kuno ku Portsmouth. M'kabuku ka kampani mulibe nkhani imeneyi, koma ine sindiisiya.

Lachisanu anandiitana ku ofesi. Mlendo mmodzi mwa 48 aja anali atadandaula kuti sanagule zomwe amafuna. Abwana anandiwerengera lamulo la kunyamula alendo, nati ndilembe lipoti lofotokoza chifukwa chomwe ndinasinthira ndondomeko popanda chilolezo. Za kalata ya agogo ija anangoti ina imasowa m'kompyuta. Lipotilo ndalemba, ndipo ndaikamo zopempha zanga: uthenga uliwonse wa mlendo uzifika kwa woperekeza tsiku lisanafike, pa chipilala tizikhalapo theka la ola osachepera, ndipo gulu loposa anthu 40 lizikhala ndi operekeza awiri monga kale. Ndalembamonso kuti basi yomwe chonyamulira chake chili m'buku la zowonongeka sindikweramonso ndi mlendo wa wilitcheya. Pa ndondomeko ya Lachiwiri likubwerali andipatsa basi yomweyo, ndipo adalaivala andiuza kuti makinawo sanakonzedwebe. Ndawalembera abwana kuti asinthe basi kapena apeze woperekeza wina.