Agogo Amene Anagwada pa Chipale Chofewa

Ndinali nditayenda makilomita ngati awiri kuchokera ku Sognsvann, nyanja yaing'ono ya kumpoto kwa mzinda wa Oslo ku Norway, pamene ma ski anga, timatabwa totsetserekera pachipale chofewa, anakana. Sanathyoke ayi, anangosiya kutsetsereka. Ndikati ndikankhe mwendo, ski inkakakamira pansi ngati ndaponda matope a m'dambo nthawi ya dzinja. Nditanyamula phazi kuti ndione, ndinapeza kunsi kwake kutamatirira chibuma cha chipale chofewa, cholimba, chokhuthala ngati chikhatho. Ndinachigogoda ndi ndodo, chinagwa. Nditangoyenda pang'ono, china chinamatiranso.

Aka kanali kachiwiri kuti nyengo yozizira indipeze ku Oslo. Ulendo woyamba ndinabindikira m'nyumba, ndipo sindingamufunire munthu zimenezo. Kumapeto kwa December dzuwa limatuluka 9 koloko itadutsa, n'kulowa itangopitirira 3 koloko masana. Kupita kuntchito mumdima, kuweruka mumdima. Mtima unkalemera popanda chifukwa chenicheni. Koma Lolemba lililonse anzanga akuntchito ankabwera nkhope zili gwa, akusimba za ku Marka, nkhalango yomwe yazungulira mzindawu. Ndiye ndinati chaka chino nanenso ndikaone. Ma ski ndinagula akale, pa kaunjika wa kuno amene amamutcha loppemarked, yemwe makolo amakonza pasukulu pofuna kupeza ndalama za bandi ya ana awo. Ma ski, nsapato ndi ndodo ziwiri, zonse makorona 300, ndalama za ku Norway. Wogulitsayo anaponyamonso kachitini kamodzi ka phula lofiira.

Phula limenelo ndi limene linandiimitsa panjira. Ma ski oyendera m'nkhalango si ofanana ndi aja timaona pa TV anthu akutsika nawo mapiri. Awa ndi owonda, opepuka, ndipo nsapato imagwira kuchala kokha, chidendene chimakwera momasuka. Kuti usabwerere m'mbuyo pokwera chitunda, umapaka phula pakatikati pa ski, pansi pa phazi. Koma phulalo lili ndi mitundu. Labuluu ndi la tsiku lozizira kwambiri, lofiirira ngati bilinganya ndi la pafupi ndi madigiri 0, lofiira ndi la tsiku lofundirako pamene chipale chanyowa. Tsiku limenelo kunali -6, chipale chatsopano chitagwa usiku, ndipo ine ndinali nditapaka lofiira, lambiri, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

Ndinapatuka n'kuima m'mbali mwa njira. Anthu ankangodutsa: abambo akukoka ana m'tingolo totsetsereka totchedwa pulk, achinyamata othamanga ngati mphepo, tiana ta zaka zinayi tikugwa n'kudzuka tokha. Thukuta linayamba kuzizira kumsana. Zala zinayamba kufa. Ndinaganiza zovula ma ski n'kubwerera wapansi.

Kenako agogo ena aakazi anaima. Anali a zaka zoposa 70, atavala juzi yoluka ndi jekete ya anoraki yofiira yakalekale, kachikwama kali kumsana. Sanafunse kuti ndachokera kuti. Anangoyang'ana kumapazi kwanga n'kunena mawu amodzi a Chinorway, "kladder", kutanthauza kumatirira kwa chipale kuja. Kenako m'Chingerezi anati, "Vulani ski imodzi, mundipatse."

Ndinavula. Agogowo anatsitsa chikwama, anatulutsa kapulasitiki kopalira, ndipo anagwada pachipale patsogolo panga. Apa ndi pamene mtima wanga unagunda. Kwathu wamng'ono ndiye amagwada, ndipo munthu wamkulu ngati ameneyo sungamusiye agwire ntchito iwe uli chilili. Ndinati, "Agogo, chonde, mundipatse ndipale ndekha." Anakana ndi mutu. Anati ndione kaye mmene akuchitira, yachiwiriyo ndipala ine. Ndiye nanenso ndinagwada, tonse awiri mawondo m'chipale, anthu akutilambalala.

Anapala pang'onopang'ono, phula lofiira likutuluka ngati chingamu. Anali atavula magolovesi, ndipo ndinkaona zala zawo zikufiira ndi kuzizira. Atamaliza anatenga kachitini kabuluu, anapaka mopyapyala pakati pokha, n'kutikita ndi kachidutswa ka koko, khungwa lopepuka lija amatsekera mabotolo a vinyo, mpaka phula linasalala osaonekanso. Anapaka kachiwiri, n'kutikitanso. Anandigwira dzanja kundisonyeza poyambira ndi polekezera: kuchokera pachidendene kupita kutsogolo pang'ono, basi. Ski yachiwiri ndinapala ndekha iwo akuyang'anira, ndipo pomwe ndinasiya phula lakale ankaloza ndi chala osalankhula.

Tili pomwepo anatulutsa lalanje, analisenda, n'kundigawira theka. Anathyolanso chokoleti cha Kvikk Lunsj, chomwe anthu kuno akhala akunyamula paulendo kuyambira 1937. Anandiuza kuti amuna awo anamwalira, ndipo njira imeneyi ankayenda nawo Lamlungu lililonse. Sananene zambiri. Anandiyang'ana pakhosi, naona kuti mkati ndavala malaya a thonje, ndipo anandidzudzula ngati mdzukulu wawo: thonje likanyowa ndi thukuta limazizira, pakhungu pamafunika ubweya. Atatero anavala ma ski awo, anati "god tur", kutanthauza ulendo wabwino, n'kulowa m'mizere iwiri yoyendamo ma ski. Posakhalitsa anoraki yofiira ija inazimiririka m'mitengo.

Za makilomita otsalawo ndikukumbuka zochepa. Ma ski ankagwira ndikaponda, n'kutsetsereka ndikakankha. Mitengo inali itawerama ndi chipale, ndipo fungo lake linandikumbutsa paini wa pa Zomba. Kunali zii.

Ullevålseter ili pa mtunda wa makilomita asanu ndi kanthu kuchokera ku Sognsvann, njira yambiri yokwera. Ndi imodzi mwa nyumba za m'nkhalango zimene amati markastuer, monganso Skjennungstua, Tryvannstua ndi Kikutstua. Kunja ma ski anali atazikidwa m'chipale ambirimbiri, popanda wowalondera, popanda loko. Mkati munali mofunda, mawindo atachita nthunzi, mukununkhira khofi ndi sinamoni. Ndinagula wafulo wokhala ndi brunost, tchizi chabulauni chotsekemera ngati shuga wowotcha, ndi kapu ya solbærtoddy, chakumwa chotentha cha tizipatso takuda. Ndinayang'ana tebulo lililonse kufuna agogo aja kuti ndiwagulire ngakhale khofi. Munalibe. Ndinatuluka kukaona pamabenchi a panja. Kunalibenso. N'kutheka kuti anapitirira kulowera mkati mwa nkhalango. Zimandipweteka mpaka lero kuti ndinangonena "tusen takk", zikomo kwambiri, kamodzi, dzina lawo osafunsa.

Ndinakhala pansi n'kumaona anthu. Awa ndi anthu omwewo amene mu sitima sakupatsa moni, amene woyandikana naye nyumba amadikira kuti udutse kaye asanatsegule chitseko chake. Kwa chaka chathunthu ndinkawaona ngati ouma mtima. Koma m'nkhalango aliyense amati "hei", ndipo pa tebulo limenelo bambo wina anasendeza ana ake kuti ndipeze pokhala, n'kundifunsa ngati chipale chinali bwino kumunsi. Ndinazindikira kuti ndinkawafunafuna kolakwika. Bwalo lawo lochezera lili kuno. Analitetezanso ndi lamulo: kuyambira 2009 pali lamulo la Marka loletsa kumanga mwachisawawa m'nkhalangoyi, ndipo lamulo la 1957 limalola aliyense kuyenda m'tchire ngakhale malowo ali ndi mwini wake. Njira zotsetserekamo m'nkhalango zozungulira Oslo zimapitirira makilomita 2,000, ndipo palibe geti, palibe wolipiritsa. Mbali yaikulu imakonzedwa ndi bungwe la Skiforeningen, lomwe linayamba mu 1883, ndipo limadalira kwambiri ndalama za mamembala. Ine ndinalembetsa sabata yomweyo, chifukwa sindinafune kudya za eni osasonkhako.

Kwa amene mukufuna kuyesa: kwerani sitima ya mumzinda yotchedwa T-bane, nambala 5, mpaka kumapeto, ku Sognsvann. Tikiti ndi yomweyo ya mumzinda, nthawi imeneyo inali makorona opitirira 40 pang'ono, ndipo ma ski mumalowa nawo mu sitima. Ngati simufuna kukwera chitunda, tengani nambala 1 mpaka ku Frognerseteren, pamwamba, ndipo mudutse ku Ullevålseter potsikira ku Sognsvann. Zizindikiro zofiira ndi za njira za ski, zabuluu ndi za oyenda pansi nthawi yotentha, musasokoneze. Yendani kumanja, ndipo wotsika mumpatse njira chifukwa sangaime msanga. Nyamulani zakudya zanu ndi fulasiki ya tiyi. Dziko lino chilichonse chogula chophika kale n'chodula, ndipo mukayamba kuwerengera mu kwacha, chakudya sichitsika kukhosi. Palinso ma ski ena okhala ndi kachikopa kaubweya kunsi, osafuna phula, koma mtengo wake ndi wina.

Chimene chimandinyansa ndi anthu oyenda wapansi m'mizere iwiri imene makina akonza. Munthu amaponda ndi jombo, galu wake pambuyo, n'kusiya mabowo amene usiku amauma ngati mwala. Kwa katswiri si kanthu, koma kwa wophunzira ngati ine bowo limodzi ndi kugwa. Enanso ndi aja ovala zothina amene amakudutsa mophupha ngati nkhalango ndi yawo yokha. Ndipo chipalecho chayamba kuvuta. Sabata ino chagwa, sabata yamawa mvula yachisungunula, njira zakumunsi n'kusanduka ayezi. Akuluakulu akuntchito amadandaula kuti kale sizinali choncho, ndipo ndikawamva ndimakumbuka bambo anga akudandaula za mvula yochedwa.

Ndinanyamuka ku Ullevålseter dzuwa litapendeka, thambo litafiira kuseri kwa mitengo. Kutsika n'koopsa kuposa kukwera. Pamalo otsetsereka kwambiri ndinatuluka m'mizere, ndinaloza nsonga za ma ski pamodzi ngati khasu la pulawo, mawondo akunjenjemera. Ndinagwa kawiri, osavulala. Magetsi a m'mbali mwa njira anayaka ndisanafike kunyanja, ndipo anthu ena anali akungoyamba kumene ulendo wawo, tochi zili pamphumi.

Lolemba nditaweruka ndinakagula juzi yamkati yaubweya, kachitini kabuluu, koko ndi kopalira. Ndapitako Lamlungu katatu chichokereni tsiku lija, ndipo ndikafika pamalo pomwe tinagwada paja ndimachepetsa liwiro, n'kuyang'ana aliyense wovala anoraki yofiira.