MikroTik, kabokosi kamene ndimakakonda koma anthu amakaiwala pakhoma

Usiku wina ndinatsegula Winbox, pulogalamu yoyendetsera ma rauta a MikroTik, kuti ndingoona chomwe chikuchedwetsa intaneti pa rauta ina yomwe anandipatsa kuti ndiziyang'anira, ndiye nditadina pa Log, eeh abale, mizere yofiira yokhayokha mpaka pansi. Login failure for user admin, login failure for user root, kenako wina akuyesa dzina loti ubnt lomwe si la MikroTik n'komwe, ndi la zipangizo za Ubiquiti, kusonyeza kuti amene akugogodayo si munthu, ndi makina omwe amangoyenda pa intaneti yonse kugwedeza chitseko chilichonse kuona ngati chatsekedwa. Amene anakonza rauta imeneyo poyamba anasiya SSH ndi Winbox, njira zolowera mu rauta uli kutali, zili poyera kwa dziko lonse. Ndinakhala phee ndikuyang'ana mizere ija ikutsika, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani ya kampani imeneyi ndimayitsatira mwachidwi.

MikroTik ndi kampani ya ku Latvia, likulu lake lili ku Riga, ndipo inayamba mu 1996, patangopita zaka zochepa dzikolo litachoka mu Soviet Union mu 1991. Anayiyambitsa ndi John Tully ndi Arnis Riekstiņš. Dzina lake lenileni ndi Mikrotīkls, m'chilankhulo chawo kutanthauza kanetiweki kakang'ono. Chomwe ambiri sadziwa n'choti poyamba sankapanga mabokosi ayi, ankapanga pulogalamu. Mu 1997 anatulutsa RouterOS, yomangidwa pa Linux, yoti ukaika pa kompyuta wamba yokhala ndi makadi awiri kapena atatu a netiweki, kompyutayo imasanduka rauta. Tangoganizani, nthawi imeneyo rauta yeniyeni ya makampani akuluakulu inali ya anthu a ndalama zawo, ndiye kwinaku wina akukuuza kuti kompyuta yakale ija ili pakona itha kugwira ntchito yofanana. Mu 2002 ndi pomwe anayamba kupanga zipangizo zawozawo zotchedwa RouterBOARD.

Lero ali ndi katundu wambirimbiri, ma hAP a m'nyumba, ka hEX kakang'ono kopanda wayilesi, ma CRS omwe ndi ma switch, ma SXT ndi LHG omwe mumawaona pamitengo ndi padenga atayang'anizana kutumizirana intaneti mtunda wautali, mpaka ma CCR akuluakulu omwe amakhala mu rack ya makampani ogulitsa intaneti. Koma chomwe chimandisangalatsa ine, ndipo ndi chomwe chinapangitsa kuti afalikire dziko lonse, n'choti onsewa mkati mwake muli RouterOS imodzi yomweyo. Kabokosi kokwana m'dzanja kali ndi BGP ndi OSPF zomwe ma rauta amauzirana nazo njira, VPN zamitundumitundu, hotspot yogulitsira ma voucher, ma queue ogawira anthu liwiro, zonse, ndipo mu RouterOS 7 anaonjezamo VPN ya WireGuard. Munthu amaphunzirira pa kakang'ono kunyumba, mawa akakumana ndi CCR ku ntchito amapeza mamenyu omwewo. Achinyamata ambiri aphunzira netiweki chonchi, ena mpaka kulemba mayeso a satifiketi ya MikroTik otchedwa MTCNA, ndipo makampani ang'onoang'ono ogulitsa intaneti ku Brazil, ku Indonesia, ku Russia ndi mayiko ambiri a mu Africa anaimirira pa zipangizo zimenezi chifukwa zinazo sakanazikwanitsa. Pa ichi chokha ine ndimawavulira chipewa.

Winbox nayo ndi kanthu kokoma kugwiritsa ntchito. Umatsegula, umapita pa Neighbors, rauta imaonekera yokha ndi MAC address yake, ngakhale utasokoneza ma IP onse umalowabe. Pali batani la Safe Mode lomwe ukalidina usanasinthe firewall, ukadzitsekera kunja mwangozi rauta imabweza zonse zomwe unasintha, amene anayendapo ulendo wautali kukakonza rauta yomwe anaitseka yekha akudziwa kufunika kwa batani limeneli.

Koma Winbox yomweyi ndi imene ili pakatikati pa nkhani yowawa kwambiri mu mbiri ya kampaniyi. Zinthu zinayamba kumveka mu Malichi 2017 pomwe WikiLeaks inatulutsa zikalata za CIA zotchedwa Vault 7, momwe munali njira ina yothyolera ma rauta a MikroTik yotchedwa Chimay Red, yodzera pa tsamba la web la rautayo. MikroTik inatseka bowolo mu RouterOS 6.38.5. Mu Malichi 2018 a Kaspersky, kampani ya zachitetezo cha makompyuta, analengeza za Slingshot, ukazitape wina wochenjera zedi: achiwembuwo ankaika fayilo yoipa mu rauta, ndiye Winbox ya nthawi imeneyo inkatenga mafayilo ena kuchokera mu rauta kupita pa kompyuta ya woyang'anira netiweki, choncho munthu yemwe ntchito yake ndi kuteteza netiweki ndi amene ankalowetsa yekha matenda pa kompyuta yake. Ambiri mwa okhudzidwa anali ku Kenya ndi ku Yemen, komanso ena ku Tanzania, Somalia, Sudan ndi kwina.

Kenako Epulo 2018, bowo lalikulu, lomwe linapatsidwa nambala yoti CVE-2018-14847. Ndifotokoze mosavuta: Winbox imalankhula ndi rauta pa port 8291, ndiye zinapezeka kuti munthu wopanda dzina, wopanda pasiwedi, atha kupempha rauta kuti imupatse fayilo yomwe imasunga maina ndi mapasiwedi onse, rauta n'kumupatsa, ndipo mapasiwediwo anali osavuta kuwamasula. Basi walowa ngati mwini wake. MikroTik inakonza msanga ndithu, m'mwezi womwewo 6.42.1 ndi 6.40.8 zinali zitatuluka. Apa ndi pomwe mtima wanga umapweteka, chifukwa mankhwala analipo koma ma rauta masauzande ankangokhala padenga, m'siling'i, kuseri kwa kabati, palibe wowakumbukira. Pofika Ogasiti 2018 ofufuza anapeza ma rauta pafupifupi 200,000, kuyambira ku Brazil, ataikidwa kapulogalamu ka Coinhive, kotero aliyense amene akutsegula tsamba kudzera pa rauta imeneyo foni kapena kompyuta yake inkakumba ndalama ya pa intaneti yotchedwa Monero ya munthu wina osadziwa, iwe ukungodabwa kuti foni ikutentha bwanji, batire ikutha msanga bwanji. Chaka chomwecho mu Meyi ofufuza a Cisco Talos anali atalengeza za VPNFilter, pulogalamu yoipa yomwe inagwira zipangizo zosachepera 500,000 m'mayiko 54, za MikroTik pamodzi ndi za Linksys, Netgear, TP-Link ndi ena, mpaka FBI inapempha anthu kuti azimitse ma rauta awo n'kuyatsanso.

Mungaganize kuti zinathera pomwepo. Ayi ndithu. Mu 2021, patapita zaka zitatu, kunabuka botnet, gulu la zipangizo zobedwa zomwe achiwembu amazilamula pamodzi, yotchedwa Mēris, liwu la ku Latvia lotanthauza mliri. Inamenya Yandex, kampani yaikulu ya intaneti ya ku Russia, ndi mapempho 21.8 miliyoni pa sekondi imodzi, a Cloudflare, omwe amateteza mawebusaiti, nawo ananena kuti anatchinga chiwembu cha 17.2 miliyoni pa sekondi, ndipo a Qrator Labs omwe anaifufuza anapeza kuti zipangizo zambiri mmenemo zinali za MikroTik. Zomwe MikroTik inayankha ndi zomwe ndimafuna aliyense azimve bwinobwino: ambiri mwa ma rauta amenewa anali omwe aja anabedwa pasiwedi mu 2018. Ena eni ake anapanga apudeti inde, koma pasiwedi sanasinthe. Ndiye taonani, mwasintha loko wa chitseko chakumbuyo koma wakuba ali ndi kiyi wa chitseko chakutsogolo m'thumba mwake kuyambira kalekale, amangolowa n'kutuluka. Mu 2022 Microsoft inalembanso kuti achiwembu a TrickBot ankagwiritsa ntchito ma rauta a MikroTik obedwa ngati podutsira mauthenga awo kuti asaoneke komwe ali.

Sindikufuna kuwayeretsa a MikroTik ngati alibe mbali yawo. Kwa zaka zambiri rauta inkabwera ndi dzina loti admin, pasiwedi palibe, umangodina Connect walowa, ndipo sinkakukakamiza kuika ina. Ndi mu 2021, pa RouterOS 6.49, pomwe inayamba kumufunsa munthu kuti asinthe, ndipo zipangizo zatsopano zambiri tsopano zimabwera ndi pasiwedi yakeyake yolembedwa pa sitika. Zinachedwa kwambiri zimenezi. Kusunga mapasiwedi mwanjira yoti wina atha kuwamasula kunalinso kulakwitsa, anadzakonza pambuyo pake. Ndipo mu 2023 kunamvekanso bowo lina, CVE-2023-30799, loti munthu yemwe walowa kale ngati admin atha kukwera mpaka kufika pansi penipeni pa sisitimu pomwe mwini rauta sangaone n'komwe zomwe zikuchitika, ndiye mukaphatikiza ndi ma rauta aja opanda pasiwedi mukuona nokha kuopsa kwake.

Komabe ndikaika zonse pa sikelo, chomwe ndimaona n'choti mphamvu yomwe imapangitsa RouterOS kukoma ndi yomwenso imakopa achiwembu. Rauta wamba ya m'nyumba akaithyola pali zochepa zomwe angachite nayo, koma iyi ili ndi SOCKS proxy yodutsitsira mauthenga a anthu ena, ili ndi scheduler, ili ndi ma script, ma tunnel, chida chojambulira zonse zodutsa pa netiweki, wakuba safunika kubweretsa zida zake, amazipeza momwemo zitakonzedwa kale. Ndipo anthu ambiri ogula amatsatira mavidiyo a pa YouTube omwe chinthu choyamba amakuuza kuti dina Remove Configuration, osakuuza kuti mmenemo ndi momwe munali firewall yomwe imatchinga anthu akunja. Intaneti ikangoyamba kuyenda munthu amanyamula laputopu yake n'kumapita, rauta ija sadzaionanso mpaka tsiku lomwe idzazime.

Ine masiku ano ndikapatsidwa MikroTik yomwe sindinaikonze ndekha, sindiyamba ndi liwiro kapena Wi-Fi. Ndimapita pa System, Packages, kuona vesheni, ndikapeza ili pansi pa 6.42.1 ndimangoiona ngati yobedwa kale. Ndimatsegula IP, Services, telnet ndi ftp ndi api zomwe sizikugwira ntchito ndimazimitsa, Winbox ndimaiuza ma IP okhawo ololedwa. Kenako Scheduler, chifukwa mmenemo ndi momwe mumabisala ka script kokhala ndi dzina looneka losalakwa komwe kamapita kukatenga malamulo ku adiresi yachilendo maminitsi angapo aliwonse, ndimaonanso ngati SOCKS ndi yoyatsa pomwe palibe anaiyatsa, ngati pali VPN ya L2TP client yosadziwika, ngati pa Users pali dzina lomwe mwini wake sakulidziwa. Ndikakayika ngakhale pang'ono sindilimbana nazo zochotsa chimodzichimodzi, ndimapanga Netinstall, kufufuta zonse n'kuyamba pachiyambi, pasiwedi yatsopano, dzina la admin ndimalichotsa.

Rauta ija ya mizere yofiira ndinaikonza usiku womwewo. Nditaika lamulo la drop pa input kuchokera kunja, ndinasiya windo la Log lili chitsegukire n'kumayang'ana, mizere yofiira inaima, koma kauntala ya mapaketi pa lamulo lija inapitiriza kukwera, 40, 90, 200, makina aja akugogodabe panja. Rautayo ilipobe mpaka lero, ili pa RouterOS 7 tsopano, ndipo ndinaika chikumbutso mu foni choti mwezi uliwonse ndizikadina Check For Updates.