Loweruka ku Chentcherere ndi madamu a ku Japan

Kunacha kukuzizira kwadzaoneni, phiri la Dedza litabisala m'nkhungu. Tauni yathuyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye mphepo ya mu June siinyengerera munthu. Madamu a ku Japan, amene akuphunzitsa masamu pasukulu yoyandikana ndi yathu, anafika pakhomo itangokwana 7 koloko, atavala majuzi awiri ndi chitenje chimene amamanga okha masiku ano. Tidapangana kalekale zoti ndidzawaperekeze kukaona zojambula za m'mapanga ku Chentcherere.

Tisananyamuke ndinawafunsa za mapepala. Anatulutsa fotokope ya pasipoti ndi ya chilolezo chokhalira m'dziko muno, zokutira m'pepala la pulasitiki. Ine nkhani ya mapepalayi ndimawavuta nayo dala. Tsiku lina ankafuna kupita okha ku Lizulu kukagula mbatata ya kachewere ndi tomato, osadziwa kuti kumeneko msewu wa M1 ndiwo malire. Ukangodumpha phula wafika ku Mozambique. Ifeyo timadumpha osaganizira n'komwe, abale ali mbali zonse ziwiri, chilankhulo n'chimodzi. Koma mlendo wochokera kutali atapezeka tsidya linalo opanda chidindo cha paboda, chimenecho n'chipwirikiti choti sichingathe tsiku limodzi.

Kabaza tinatenga anyamata a pasiteji yathu, oti makolo awo ndimawadziwa. Mmodzi atangoona madamu anatchula mtengo wokwera kawiri. Ndinati, "Achimwene, awatu ndi aphunzitsi a azing'ono anu." Anaseka, mtengo n'kutsika, ndipo anawapatsa chipewa chake cha njinga kuti avale.

Titasiya phula n'kulowa msewu wafumbi wopita kunkhalango ya Chongoni, tinapeza masamba atayalidwa modutsa msewu. Anyamata aja anazimitsa njinga, tonse n'kutsika kumayenda pansi. Madamu izi amazidziwa kale, moti anavula chipewa asanauzidwe, n'kuwerama podutsa azimayi amene anakhala kuseri kwa siwa. Chimene sanachiyembekezere ndi zilombo. Malemuwo anali akudambwe, ndipo tisanapitirire mudziwo tinangomva ana akuthawa, fumbi kuti kobo. Dzanja la madamu linali litafika kale pafoni.

"Madamu, bwezani m'thumba," ndinanong'oneza.

Tinapatuka n'kunjuta m'mbali mwa msewu. Ndinaika kandalama pansi, iwonso anachita chimodzimodzi, chifukwa chilombo sitichipatsira m'manja. Chinafika, chinazungulira, chinatola, n'kudzipitira. Madamu za gule anazionapo ku Chamare, nyumba yosungira za chikhalidwe ya pamishoni ya Mua, ndipo amadziwa kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Komatu gule ali pamaliro sakuvinira alendo. Munthu ukafuna chithunzi umayamba wapempha kwa eni mudzi, ndipo akakana basi yatha. Alendo ambiri amene ndawaonapo akukangana ndi anthu kuno, mlandu umayambira pa kamera.

Kuphanga tinakwera ndi bambo wina wachikulire wa mudzi wapafupi. Mtunda wake ndi waufupi koma umatsamwitsa, madamu anandisiya m'mbuyo ndikuwefuka. Pathanthwepo zoyera n'zimene zimaonekera msanga: zinyama zotambasula miyendo ngati chikopa choyanika, zina zamadonthomadontho kumsana. Bambowo anafotokoza kuti zofiira, zamizeremizere ndi zozungulira, adajambula ndi Akafula amene adakhalako makolo athu asanafike, pomwe zoyerazo n'za Achewa, zina za chinamwali, zina za nyau. M'dera lonse la Chongoni muli malo 127 otere, ndipo mu 2006 lidalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse. Madamu anafunsa tanthauzo la chinyama china chachikulu. Bambo aja anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Zimenezo afunseni anamkungwi, mayi. Ife amuna sitidziwa." Ndinangomwetulira osayankha.

Chimene chinandipweteka mtima ndi mayina olembedwa ndi makala pafupi penipeni ndi zojambulazo. Amalemba ndi ana athu omwe, ena mwina adadutsa m'kalasi mwanga. Koma madamu, mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, anaima chapatali, manja kumbuyo, kuopa ngakhale kukhudza mwala.

Sitinachedwe, poti mwezi uno dzuwa limalowa msanga ndipo njinga yamoto usiku m'msewu wafumbi ine sindilola. Titafika m'tauni tinaima pachiwaya kudya chipisi ndi kabichi. Wokazingayo anawapatsa moni madamu m'Chingerezi, iwo n'kuyankha kuti, "Ndaswera bwino, kaya inu abambo?" Anawaonjezera chipisi chambiri kuposa changa.

Tsopano madamu akuti sabata yamawa akufuna kukwera phiri la Dedza mpaka pansonga, mamita 2,198. Ndawauza kuti okha ayi, nkhungu ikatsika njira imasokonekera. Mawa tikatuluka kutchalitchi ndikalankhula ndi alonda a kusukulu kwathu, mwana wawo wamkulu amalidziwa bwino phirilo.