Pulogalamu ya m'shopu yayamba kutseguka yokha

M'shopu yathu ku Ulongwe timagulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala opopera kachewere. Ndikapita ku Tete kukapikula katundu, mumatsala amalume. Pa ndalama sasowa ngakhale metikali imodzi, koma mausi ya kompyuta imawavuta. Nthawi ya mvula magetsi amathimathima kuno, ndipo akayakanso pulogalamu yolembera malonda inkadikira munthu woitsegula. Amalume ankangolemba zogulidwa pa chikatoni, ine n'kudzachezera usiku ndikuzilowetsa. Chinkandiwawa kwambiri chinali kuwaona munthu wamkulu akupepesa pa chinthu chimene sanalakwe.

Kompyuta yathu ndi ya Windows 10, ya Chipwitikizi. Ndinadina batani la Windows pamodzi ndi R, panatuluka kabokosi kolembedwa Executar. M'menemo ndinalemba shell:startup n'kudina Enter. Mawu amenewa sasintha, kaya kompyuta ndi ya Chipwitikizi kaya ya Chingerezi ngati zija zochokera ku Dedza. Panatseguka foda yopanda kanthu. Chimene mwaika m'menemo, Windows imachitsegula munthu akangolowa.

Apa ndinaphonya. Ndinatenga fayilo yeniyeni ya pulogalamu, ija yothera ndi .exe, n'kuikopera m'fodamo. Nditayatsanso kompyuta, pulogalamuyo inakana kugwira ntchito, chifukwa ndinaichotsa pakati pa mafayilo anzake amene imadalira. Chofunika m'menemo ndi atalho chabe, kachizindikiro kokhala ndi kamuvi pakona, kamene kamangolozera kumene pulogalamu imakhala. Ndinafufuta fayilo ndinakoperayo, n'kutenga atalho amene anali kale pa sikirini: Ctrl ndi C, kubwerera m'foda, Ctrl ndi V.

Ndinadina Reiniciar kuti kompyuta izime n'kuyakanso. Pulogalamu inatseguka ndithu, koma mochedwa kwambiri, moti wogula akanatha kutopa n'kupita kwina. Ndinadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, ndipo m'zenera limene linatuluka, lotchedwa Gestor de Tarefas, pa gawo la Arranque, ndinapeza mapulogalamu ambirimbiri amene ankadzuka limodzi ndi kompyuta ine osadziwa. Pa makina a memori ya 4 GB chabe umenewo ndi katundu wolemera. Amene ndinkawadziwa kuti sitiwafuna ndinawaika pa Desativar kuti asamadzuke okha. Yoteteza ku mavairasi ndinaisiya, ndipo inunso musaikhudze. Dzina limene simukulidziwa lisiyeni kaye.

Kumbukirani kuti pulogalamuyo siitseguka magetsi akangoyaka, imadikira kuti munthu alowe ndi nambala yake yachinsinsi. Ena amachotsa nambalayo kuti zifulumire. Ine ndinakana, chifukwa m'kompyutamo muli mayina a alimi amene anatenga feteleza pa ngongole. Ndinangosankha ina imene amalume angaikumbukire, ndipo tinayeserera katatu tili limodzi.

Loweruka ndili pa Moatize foni inalira.

"Mphwanga, magetsi anathima, koma chinthu chija chatulukira chokha. Matumba awiri a ureya ndilembe pati?"

"Pamzere woyamba pomwepo, amalume. Mukatha mudine Enter."