Masekondi 30 a mbewu ya chimanga

Anthu akamva kuti ndine pulodyusa ku kampani yopanga ma advert amaganiza ndimangokhala mu studio ndi mahedifoni m'makutu. Mwandi, mahedifoni ndimawagwira mwina maola awiri pa sabata, yotsalayo ni foni, malisiti, kupempha anthu afike pa nthawi. Ofesi yathu yaikulu ili ku Lusaka, kuno ku Chipata tili atatu chabe, ndiye nchito iliyonse ya kum'mawa imagwera ine.

Lolemba m'mawa inabwera ya kasitomala wogulitsa mbewu ya chimanga yocha msanga, ati ikhale pa wailesi Lachisanu mvula isanayambe, masekondi 30. Anatumiza mawu achizungu pamodzi ndi achinyanja amene wina anamasulira ku Lusaka komweko. Nditawerenga ndinaseka ndekha, chiganizo choyamba chinali "kulitsani zotuluka zanu kufika pamwamba". Zotuluka kuti? Ndinaimbira amai anga ku Chadiza nkuwawerengera, anangoti iwe mwana, ukudwala m'mimba kapena?

Lachiwiri lonse linathera pa mawu. Chimene a ku Lusaka samvetsa nchakuti chinyanja nchachitali mkamwa. Zimene mzungu amanena m'masekondi 30 ife zinafika 41, ndipo wailesi imalipiritsa potengera utali, sungangowonjezera. Ena amauza wolankhula kuti athamange, nchifukwa chake mumamva ma advert aja okhala ngati munthu akuthamangitsidwa ndi galu. Ine ndinadula. Ndinataya chizungu chonse nkulemba kukambirana kwa anthu awiri pa mjigo, wina akudandaula kuti nkhokwe yatha December asanafike, mnzake nkumuuza za mbewu yocha msanga, basi. Dzina la mbewu kawiri, kokagula kamodzi.

Koma panali mzere umodzi umene tinakanganirana pa foni mpaka batire kutha. Kasitomala amafuna tinene kuti mbewu iyi siopa chilala. Ndinati abwana, kuno anthu sanaiwale 2024, chaka chimene a Pulezidenti Hichilema analengeza mu February kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, chimanga chinauma m'minda chisanabereke kaya munagula mbewu yanji. Mukanena zimenezo pa wailesi mlimi wa ku Katete azaseka, kabili azakumbukira dzina lanu monga anthu a boza. Mbewu yocha msanga imathandiza mvula ikadula msanga, osati ikakana kugwa. Anakhala chete kenako ati chabwino lembani mmene mukuonera, koma mawu awo amamveka kuti sanakondwe.

Lachitatu kujambula. Ndinaitana amai ena a gulu la zisudzo la kutchalitchi ndi amdala ena a mawu okhuthala aja oti ukawamva umakhulupirira. Tangoyamba, malaiti phi. Tinaliza jenereta, mayikolofoni ikutola duuu yense uja. Pomaliza tinalowa mgalimoto ya mnzanga, mawindo otseka, rekoda pa mwendo, kutentha kwa October inu mukudziwa, thukuta kuchita kutsika m'khosi. Koma mgalimoto mawu amatuluka bwino kuposa muofesi ya makoma opanda kanthu, mipando imameza kulira konse. Amdala aja anasintha mzere wanga, m'malo mwa "mudzakolola zambiri" anati "chaka chino ana sadzagona ndi mango". Ndinasiya momwemo. Sindikanaganiza zimenezo ine wokhala pa desiki.

Phokoso la mjigo ndi nkhuku ndinakatola ndekha madzulo. Nyimbo anatiimbira mnyamata wa gitala nkumulipira, chifukwa kungotenga nyimbo ya woimba wodziwika nkuiika pansi pa advert ni mlandu, a ZAMCOPS, bungwe loteteza nyimbo za oimba, alipo. Onse atatu anasaina pepala lovomereza kuti mawu awo agwiritsidwe nchito miyezi itatu, ndalama ndinatumiza pa Airtel Money tili pomwepo, anthu a zisudzo anapusitsidwa kokwanira ndi mawu akuti tizakuonani mwezi ukatha.

Lachinai ndinafotokozeranso a ku Lusaka zimene ndimafotokoza chaka chilichonse, kuti Eastern, chigawo chathu cha kum'mawa, si chilankhulo chimodzi. Ku Petauke ni chinsenga, ku Lundazi chitumbuka, ndiye ya chichewa ukaipititsa konseko anthu amamva inde koma amadziwa kuti sukulankhula ndi iwo. Ndalama inalipo ya imodzi chabe yowonjezera, tinasankha chitumbuka. Kenako kusungitsa nthawi pa mawailesi, Breeze FM kuno m'tauni ndi ena a m'maboma. Ndinalimbira ya m'mamawa anthu asanapite kumunda ndi ya madzulo nkhani zikatha, masana ni yotchipa koma mlimi amakhala ali ndi khasu m'manja.

Lachisanu 10 koloko zonse zatumizidwa, ndikudya chitumbuwa mwamtendere, foni. Ati mtengo wa paketi wasintha. Mwamwayi ndinaphunzira kalekale kujambula mtengo paokha kumapeto, ndiye kunali kungosintha masekondi anai. Vuto amdala aja foni yawo yazima. Ndinakwera njinga ya kabaza mpaka ku Kapata kumene ndinamva kuti amakhala pa shopu ya mlamu wawo, ndinawapeza akusewera nsolo. Anakana kunyamuka asanamalize. Ndinadikira mphindi 20 nditagwira rekoda, tinajambulira kuseri kwa shopu titafunda chitenje kumutu tonse awiri kuti phokoso la msika lisalowe, ana ataunjikana kumationa.

Advert inalira pa wailesi 18 koloko itangopitirira. Ndinaimvera pa wailesi ya munthu wogulitsa makala pafupi ndi kwathu, pa mzere wa mango uja anaseka nkuuza mnzake kuti amdala awa anena zoona. Dzina la mbewu sindikudziwa ngati analigwira.