Za ulendo wathu uja wokaona mmene anzathu amatsatira kamwedwe ka ma ARV

Pepani ndachedwa kulemba za ulendo uja a support group tinapita kukacheza ndi gulu la anzathu, foni inandivuta. Tinanyamuka kusanache pa minibasi, anthu 12 kuphatikizapo a chair ndi expert client wathu (mnzathu amene nayenso amamwa ma ARV ndipo anaphunzitsidwa kuthandiza ena ku kiliniki), ndipo njira yonse nkhani inali imodzi basi, kuti kodi anzathuwa amachita zotani kuti anthu awo asamathawe mankhwala pomwe ife mwezi uliwonse timangosakasaka anthu osowa.

Titafika sitinachedwe ndi zambiri, tinakhala mozungulira ndipo a nesi a pa kiliniki yawo anayamba ndi funso loti ndani muno sanadumphitsepo mankhwala chiyambireni. Tonse zii, kuyang'anana. Kenako amayi ena achikulire a gulu lawolo anaseka nkuti "Ana anga, ine ndinkataya mapilitsi m'chimbudzi usiku woti mawa ndi tsiku la kuchipatala, kuti akawerenga apeze zikugwirizana." Tinaseka koma ine mumtima ndinachita manyazi, chifukwa kwathu timadalira kwambiri kuwerenga mapilitsi otsala mu botolo, nthawi zina pamaso pa anthu onse. A nesi anati kuwerengako sikoipa, sikufuna makina ndipo kumathandiza kuyambitsa nkhani, koma munthu amene akuopa kukalipiridwa amadziwa masamu kuposa wowerengayo.

Chomwe iwo anasintha ndi kafunsidwe. Ife timafunsa kuti mukumwa bwino mankhwala eti, ndiye ndani angayankhe kuti ayi? Iwo amati, ambiri zimatichitikira kuiwala, inu m'masiku 7 apitawa ndi masiku angati omwe zinavuta, ndipo tsiku limenelo munali kuti. Apa munthu amamasuka, amanena kuti ndinali pa ulendo, kapena kunyumba kunabwera alendo ndiye ndinaopa kutulutsa botolo, kapena amuna anga sakudziwa. Ukadziwa chifukwa chake ndi pomwe umapeza chochita, wina alamu ya pa foni imamukwanira, wina akufunika kuthandizidwa kuti aulule kunyumba, ndipo zimenezi sizofanana.

Nthawi yambiri tinathera pa viral load, kuyeza kuja koona kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi, poti magazi sanama. A nesi anatikumbutsa kuti bungwe la WHO linanena kuyambira 2013 kuti iyi ndiye njira yabwino yoonera ngati mankhwala akugwira ntchito, ndipo malangizo awo ndi oti munthu ayezedwe pa miyezi 6 atayamba, pa miyezi 12, kenako chaka chilichonse. Zotsatira zikapitirira 1000 samathamangira kusintha mankhwala, amayamba kaye uphungu wapadera kwa miyezi itatu nkuyezanso. Chifukwa chake nchakuti TLD yomwe ambiri tikumwa panopa, ija ya piritsi limodzi lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndi yamphamvu ndipo kachilombo sikazolowera dolutegravir msanga, ndiye nthawi zambiri viral load ikakwera vuto limakhala kamwedwe, munthu akakonza imatsikanso yokha.

Apa achimwene ena a gulu lathu anakwiya pang'ono, anati ndiye kuti aliyense wa viral load yokwera ndi wabodza? A nesi anati ayi achimwene, ndipo anandiphunzitsa zomwe sindinkazidziwa bwinobwino. Dolutegravir sagwirizana ndi mapilitsi a iron ndi a calcium mukamwa pamodzi wosadya, komanso ena aja a chilungulira mukamwa pamodzi ngakhale mutadya, zimamangana m'mimba ndiye mankhwala salowa mokwanira m'magazi. Wina akumwa mankhwala a TB okhala ndi rifampicin amafunika kuwonjezeredwa dolutegravir kuti azimwa kawiri pa tsiku. Ndiye munthu atha kumamwa tsiku ndi tsiku osaphonya koma zinthu osayenda, ife nkumamunyoza kuti akudumphitsa. Ndinangoganiza za mtsikana wina yemwe tinamupanikiza ndi mafunso osamufunsa nkomwe kuti akumwanso chiyani.

Zina tinadutsa mwachangu, monga buku lomwe amalembamo tsiku lodzatenga mankhwala. Munthu akapanda kubwera amamuimbira foni kaye, ndipo kunyumba amapita pokhapokha ngati mwiniwake anavomereza poyamba pomwe, osavala chilichonse chosonyeza kuti achokera ku chipatala. Amene viral load yawo ili pansi amapatsidwa mankhwala a miyezi 3 kapena 6 nthawi imodzi.

Mnyamata wina wokonda intaneti anabweretsa nkhani ya mabotolo okhala ndi kachipangizo pa chivundikiro komwe kamalemba nthawi iliyonse mwatsegula, komanso kuyeza mkodzo kuti aone ngati muli tenofovir, zomwe zimangosonyeza ngati wamwa m'masiku ochepa apitawo. A chair athu anangoti kutsegula botolo si kumeza, anthu onse kuseka. Ine maganizo anga ndi akuti zipangizozo ndi zabwino, koma zikagwiritsidwa ntchito ngati za apolisi anthu azingopeza njira ina yobisira ngati amayi aja a chimbudzi. Ndipo amayi omwewo anatiuza kuti chomwe chinawasintha si kuopsezedwa ayi, ndi tsiku lomwe anawafotokozera kuti kachilombo kakasiya kuoneka m'magazi sungapatsire wokondedwa wako pogonana. Kuyambira pamenepo iwo eni ndi amene amakakumbutsa a nesi kuti nthawi yoyeza yakwana, ndipo zotsatira amafuna kuziona ndi maso awo osati kungouzidwa kuti zili bwino.

Pobwerera mu minibasi munali mkangano, ena akuti tisiyiretu kuwerenga mapilitsi ena akuti ayi tingosiya kuwerengera pagulu. Tinagwirizana zachiwirizi, komanso kuti expert client azifunsa aliyense za mankhwala ena omwe akumwa. Msonkhano ukubwerawu aliyense abwere akudziwa tsiku lomwe anayezetsa viral load komaliza, ine ndayang'ana kale m'kabuku kanga ndipo ndapeza kuti ndadutsitsa ndi miyezi iwiri.