Bamse, chimbalangondo cha ku Sweden

Dzulo madzulo ndinaonera limodzi ndi adzukulu anga filimu ya zidole zojambula yotchedwa Bamse och tjuvstaden, yomwe inatuluka ku Sweden mu 2014, ndipo ngakhale palibe mmodzi wa ife amene amamva Chiswidishi, anawo sanasunthe pamkeka mpaka filimuyo itatha.

Bamse ndi chimbalangondo chimene Rune Andréasson anayamba kuchijambula mu 1966, ndipo magazini ya nkhani zake yakhala ikusindikizidwa kuyambira mu 1973. Mphamvu zake zimachokera mu uchi wapadera umene agogo ake aakazi amamukonzera, koma ena ambiri akaulawa amangodwala m'mimba kwa masiku atatu. Mufilimuyi nkhandwe yotchedwa Reinard ikusonkhanitsa akuba amene akugwira agogowo n'kupita nawo kumzinda wawo, choncho Bamse akunyamuka ndi anzake awiri kukawapulumutsa.

Anzakewo ndi amene anandiseketsa kwambiri. Kalulu wa m'nthano zathu ndi kamberembere wodziwa kupusitsa njovu, pamene Lille Skutt ndi kalulu wamantha amene amanjenjemera ndi chilichonse, komabe sasiya mnzake pamavuto. Nzeru zonse Andréasson anazipereka kwa mnzake wina wa Bamse, fulu wotchedwa Skalman, yemwe amayenda ndi wotchi yomuuza nthawi yodya ndi yogona, ndipo ikangolira amagona pomwepo ngakhale zinthu zitafika povuta.

Chimene sichinandikhutiritse n'chakuti nkhondo ya kumapeto inatha mofulumira, koma adzukulu anga akuti tiyionerenso Loweruka.